Agogo akufuna kupita ndi mdzukulu wa zaka 9 kosaka agwape ku Wisconsin, ndilole?

MayiWaAwiri
Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Tili ku Wisconsin, ndipo akuchimuna ndi anthu osaka agwape chaka ndi chaka. Chaka chino apongozi aamuna akuti mdzukulu wawo wa zaka 9 wakula, apite nawo, mwinanso aombere yekha. Mwanayo sakugona tulo ndi chimwemwe, ine mtima uli m'mwamba. Kodi lamulo limalola mwana wa msinkhu umenewu kugwira mfuti? Nanga ndikalola, ndiyang'ane chiyani kuti ndidziwe kuti akonzeka bwino? Zondilimbitsa mtima ayi, ndikufuna zenizeni.

Chitedze
Zaka 9 ndi mfuti? Kwathu umenewo ndi msinkhu wa legeni ndi kukumba mbewa. Kanani amayi.

Gogodela
Achimwene a Chitedze, tiyambe tayankha zimene afunsa. Amayi, lamulo likulola. Kale ku Wisconsin mwana ankayenera kukwanitsa zaka 10, koma mu 2017 malire amenewo anachotsedwa. Tsopano mwana wa msinkhu uliwonse angathe kusaka pansi pa ndondomeko yotchedwa mentored hunting. Mwana akhale ndi laisensi yakeyake, yogula kudzera pa tsamba la intaneti la Go Wild la DNR, nthambi ya boma yoona zachilengedwe. Womuyang'anira akhale wa zaka 18 kapena kuposerapo, wokhala ndi laisensi, ndipo ngati anabadwa kuyambira pa 1 Januwale 1973 akhale woti anachita maphunziro a kusaka mosamala otchedwa hunter education. Wamkulu mmodzi amatenga mwana mmodzi basi. Mfundo yoti muigwiritsitse ndi iyi: wamkuluyo azikhala pafupi moti akatambasula mkono amugwira mwanayo, nthawi yonse. Osati agogo patsinde la mtengo uwu, mdzukulu pa mtengo uwo, n'kumakodolana.

Nyengo za mfuti zoti muganizire zilipo ziwiri. Pali youth hunt, masiku awiri a kumapeto kwa sabata mu Okutobala, ya ana a zaka 15 kutsika m'munsi. Ndiye pali nyengo yaikulu ya masiku 9, yoyamba Loweruka lomaliza chikondwerero cha Thanksgiving cha mu Novembala chisanafike. Kwa mwana woyamba kumene, sankhani ya Okutobala. Kumakhala kusanazizire kwambiri, m'tchire simukhala mfuti zambirimbiri, ndipo pa masiku awiri amenewo wamkulu saloledwa kuombera gwape ndi mfuti, choncho maso ake onse amakhala pa mwana.

Chitedze
Lamulo kulola sikuti mwana wakhwima ayi.

Nkhwazi73
Pamenepo a Chitedze mwalasa, koma mayeso ake si zaka za kubadwa. Amayi, pitani nokha kumalo ophunzirira kuombera tsiku limene agogo akumuphunzitsa, muime kumbuyo muone izi. Akamupatsa mfuti, kodi chala chimathamangira pa trigger, kachitsulo kokhethemulira mfuti kaja, kapena chimagona chowongoka m'mbali? Wina akamuitana kumbuyo, amatembenuka ndi mfuti yomwe, kapena amatembenuza mutu wokha kamwa la mfuti lili chilozere kutsogolo? Agogo akati "leka", amaleka pomwepo kapena amayamba "koma agogo"? Mwana wolephera chimodzi mwa zitatuzi apite kukaonerera chabe chaka chino, alibe mfuti m'manja. Palibe chamanyazi pamenepo.

Ku Wisconsin amaphunzitsa malamulo anayi amene amawafupikitsa kuti TAB-K. Mfuti iliyonse uitenge ngati ili ndi chipolopolo. Kamwa lake liloze kosaopsa nthawi zonse. Utsimikize chimene ukuombera ndi chimene chili kuseri kwake. Chala chisalowe pa trigger mpaka utakonzeka kuomba. Mwana awanene pamtima, komanso azitha kudzudzula agogo akaphonya limodzi.

Za luso, khomani mbale ya pepala, ija ya masentimita pafupifupi 23, pa mtunda wa mayadi 50. Kukula kwake n'kofanana ndi malo a mtima ndi mapapo a gwape. Ngati zipolopolo zisanu zotsatizana sizilowa zonse m'mbalemo, mfuti itatsamira pa chogwiriziza chomwecho chimene akagwiritse ntchito kutchire, sanakonzeke. Mtunda umene amakwanitsa zisanu zonse ndiwo malire ake, gwape akaima kupitirira pamenepo amangomuyang'ana.

Kamdothi
Pepani ndikusokonezeni. Bwanji mukuti gwape? Nyama imeneyi si mbawala?

Mphunzitsi_Wakale
Kunena zoona si gwape, si mbawala, si nswala. Kwathu nyama ya mtundu umenewu kulibe. Zathu zija zili ndi nyanga zosagwa moyo wonse, pomwe white-tailed deer yamphongo imamera nyanga zanthambi n'kuzigwetsa chaka chilichonse m'nyengo yachisanu. Tangobwereka dzina la gwape poti ndi limene anthu anazolowera.

Kamdothi
Ndiye kuti chaka chilichonse nyanga zatsopano? Mulungu ali ndi nthawi.

Gogodela
Tibwerere ku mfuti, chifukwa apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Agogo amatulutsa mfuti yawo yakale ya .30-06 n'kuti mdzukulu aphunzirire yomweyo. Imeneyo imamenya phewa kwambiri. Mwana ikamupweteka kawiri, amayamba kutsinzina ndi kugwedezeka asanakhethemule, ndipo chizolowezi chimenecho chimavuta kuchotsa. Za ana ndi monga .243 Winchester, imene kukankha kwake sikufika theka la .30-06, kapena .350 Legend, kapena 7mm-08 yokhala ndi zipolopolo zochepetsedwa mphamvu.

Kutalika kwake nakonso. Mfuti ya wamkulu kuchokera pa trigger kufika kuthako imakhala mainchesi 13 ndi theka. Ya mwana ikhale cha m'ma 12. Ikatalika, mwana amapendekera chagada, thako silikhala paphewa bwino, ndiye amasendeza diso pafupi ndi scope, galasi loonera patali lija, kuti aone. Ikalira, scope imamutema pachikope. Pakati pa diso ndi galasi pazikhala mpata wa mainchesi atatu ndi theka kapena anayi. Mphamvu yokulitsa ya scope muichepetse pa 3 kapena 4. Mukaikweza pa 9 mwana amangoona ubweya, sadziwa kuti ndi mbali iti ya nyama, ndipo gwape akasuntha pang'ono wamusowa.

Kuphunzira kwambiri achite ndi mfuti yaing'ono ya .22, yosakankha komanso yotchipa. Mfuti yaikulu zipolopolo zitatu kapena zisanu pa tsiku zakwana. Njira yodziwira ngati wayamba mantha: mupatseni mfuti yopanda chipolopolo iye asakudziwa. Akakhethemula n'kuona kamwa la mfuti likugwa pansi, bwererani ku .22.

NamwinoWaUsiku
Makutu musaiwale chonde. Kulira kwa mfuti yosakira kumaposa madesibelo 140, ndipo kulira kumodzi kokha kungathe kuwononga makutu osabwereranso. Alenje ambiri amavala zotseka m'makutu pophunzira, koma kutchire amavula ati amve mapazi a nyama. Mwana avale ziwiri, timapulagi ta m'kati ndi zophimba kunja. Zilipo zamabatire zimene zimakweza mawu onong'ona n'kutseka phokoso lalikulu, ndiye agogo akamanong'oneza amamva bwinobwino. Muone kuti ndi za saizi ya mutu wa mwana, ndipo chipewa kapena miyendo ya magalasi isasiye mpata.

China ndi nkhupakupa. Wisconsin ndi dera la matenda a Lyme, ndipo nkhupakupa zikuluzikulu zimakhala zili pa ntchito mu Okutobala. Zovala zakunja zipoperedwe mankhwala a tizilombo otchedwa permethrin n'kuuma kaye, osapopera pakhungu. Akafika kunyumba mufufuze kuseri kwa makutu, m'tsitsi, m'khwapa, mphechepeche ndi kuseri kwa mawondo. Pa khungu lakuda kachizindikiro kofiira kozungulira kaja sikaoneka msanga, choncho akatentha thupi kapena kumva kuphwanya m'masabata otsatira, muwauze adokotala kuti anali kutchire.

Mphepo_ya_Kumpoto
Chimene chimabweza ana kunyumba akulira si mfuti, ndi kuzizira ndi kutopa kukhala. Munthu wokhala phee amazizidwa kuposa woyenda. Mkati mwenimweni asavale za thonje, chifukwa zimamwa thukuta n'kukhala zonyowa. Avale zaubweya wa nkhosa kapena za polyester, pamwamba juzi, kunja jekete lotchinga mphepo. Jeketelo alinyamule m'manja popita, akavale atafika. Akayenda nalo kuchokera pagalimoto afika ali thukuta kamukamu, pakatha mphindi 20 mano akugunda. Nsapato zikhale zokulirapo ndi sokosi imodzi yochindikala. Masokosi atatu mu nsapato yothina amatseka magazi, zala zimazizira msanga.

Mtundu wa zovala ndi lamulo. Theka la zovala za kumtunda kwa chiuno likhale la olenji wowala wotchedwa blaze orange kapena pinki wowala uja anamuvomereza mu 2016, ndipo chipewa ngati wavala nachonso chimodzimodzi. Vesiti ya wamkulu pa mwana imakola thako la mfuti, mugulireni yake. Musadandaule kuti gwape amuona. Maso a gwape saona olenji monga timamuonera ife, koma mtundu wa buluu amauona bwino, ndiye jinzi isiyeni kunyumba.

Malo okhala, katenti kapansi kaja amati ground blind. Mwana wa zaka 9 asakwere pa tree stand, mpando wa mumtengo uja. Mkatimo angathe kugwedeza miyendo, kudya, ngakhale kuwodzera, nyama osamuona. Ngati ndi malo a boma a DNR, kunja kwa katentiko kukhale nsalu ya olenji ya masikweya inchesi 144 yooneka mbali zonse. Mpando wake ukhale woti windo lili pa msinkhu wa phewa lake, mfuti itagona pa chogwiriziza cha miyendo itatu. Izi muyesere pabwalo la nyumba, osati mumdima m'mawa wa tsikulo. Mukayatsa kahita ka gasi, windo limodzi likhale lotsegula chifukwa cha mpweya wa carbon monoxide.

Chakudya muchotse m'mapepala opokosera muike m'kansalu. Tiyi wa mufulasiki. Ndipo maola awiri akwana. Madzulo ndi bwino kuposa m'mawa: mwana wagona mokwanira, mwalowa kukuwala, ndipo agwape amatuluka dzuwa likamapendeka. Akati "ndatopa", nyamukani, ngakhale itakhala nthawi yeniyeni yotulukira nyama.

Chitedze
Ndiye kusaka kwake kuli pati? Tenti, mpando, hita, tiyi. Makolo athu pa uzimba ankathamanga ndi agalu ndi nthungo tsiku lonse.

Mphepo_ya_Kumpoto
Uzimba nawonso aliko achimwene, amati deer drive. Ena amayenda mumzere kuvumbulutsa nyama, ena amadikira kutsogolo. Ndiye kumeneko ndi kumene mwana asapondeko. Nyama ikuthamanga, anthu ali mbali zonse, chisankho cha sekondi imodzi. Amayi, funsani apongozi mwachindunji ngati banja lawo limachita drive, chifukwa mabanja ambiri a ku Wisconsin amatero pa nyengo ya Novembala.

Mphunzitsi_Wakale
Ndipo a Chitedze, uzimba umenewo mukauyesa lero kufupi ndi Liwonde kapena Kasungu mukagona ku ndende. Lamulo la nyama zakutchire kwathu analikhwimitsa mu 2017, milandu ikuluikulu imafika zaka 30.

WaKuLeeds
Kuno ku England mwana sangapeze satifiketi ya mfuti yotere asanakwane zaka 14, ndipo kubwereka mfuti ya mwini malo ndi kuyambira zaka 17. Za zaka 9 zikundidabwitsa.

Loya_Wosamaliza
Mfundo imodzi yokhudza ife obwera. Ngati muli ndi green card (chilolezo chokhazikika ku America) kapena ndinu nzika, palibe vuto. Koma munthu amene ali ku America pa viza ya kanthawi, monga ya sukulu kapena yocheza, lamulo la dziko lonse limamuletsa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula ngati ali ndi laisensi yosakira yogwira ntchito. Ndiye malume obwera kudzacheza asangoti "tabwera nayo ndijambulitse". Chithunzi chimodzi pa Facebook chingathe kuwononga mapepala.

MayiWaAwiri
Zikomo nonse, ndikulemba. Koma chimene chikundivuta kwambiri ndi nthawi yeniyeniyo. Akalasa nyama osafa? Akaona magazi n'kuyamba kulira?

Nkhwazi73
Zonse ziwiri zimachitika, ndipo mwana auzidwe zisanachitike. Muyambe ndi zithunzi za agwape oima mosiyanasiyana, iye aziloza ndi pensulo pomwe angaombere. Yankho lolondola ndi limodzi: nyama itaima chilili, itaonetsa nthiti zonse, mulondole mwendo wakutsogolo kukwera m'mwamba, kuseri pang'ono kwa phewa, gawo limodzi la magawo atatu kuchokera pansi pa chifuwa. Pamutu ayi, pakhosi ayi, ikuyenda ayi, itayang'ana kuno ayi. Ndipo kuseri kwake kukhale nthaka kapena chitunda, osati thambo, nyumba kapena gwape wina.

Gwape akatulukira, mwana amayamba kunjenjemera, mtima kugunda, mpweya kubanika. Amati buck fever, imagwira ndi madoda omwe. Ntchito ya agogo ndi kuika dzanja pamsana pake n'kunong'ona pang'onopang'ono: puma, dikira aime, chotsa safety (kotsekera kuti mfuti isalire), finya pang'onopang'ono. Mawu oti "omba, omba, akuthawa!" ndi amene amabala nyama zolasidwa m'mimba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana akati sakufuna, safety ibwerere, nkhani yatha, ndipo kunyumba asamuseke.

Ikalira mfuti, safety kaye, kenako muone pomwe nyama inaima ndi pomwe yalowera, muloweze mtengo kapena chitsamba. Gwape wolasidwa bwino m'mapapo amathamangabe, kawirikawiri mayadi osapitirira 100. Mwana asaganize kuti waphonya. Dikirani mphindi 30 musanadzuke. Kenako magazi akuuzani. Ofiira mowala okhala ndi thovu ndi mapapo, londolani. Akuda bii ndi chiwindi, dikirani maola anayi. Obiriwira, onunkha, osakanikirana ndi zakudya ndi chifu, dikirani maola 8 mpaka 12. Mukaithamangira nyama yotere imadzuka pomwe inagona n'kupita kutali, simuipezanso. Poyenda musaponde magaziwo, yendani m'mbali, muziika kapepala pa dontho lomaliza. Ntchito imeneyi ana amaitha kuposa akulu, maso awo ali pafupi ndi nthaka. Ikalowa m'munda wa munthu wina, mupemphe kaye chilolezo kwa mwini malo.

Mukaipeza, wamkulu ndiye atsogole, aifikire chakumsana. Maso otseka ndiye kuti ikadali moyo. Yakufa imakhala maso ali tong'o, ndipo mukakhudza diso ndi kamtengo siphethira.

Za kulira, musiyeni alire. Mwana wolira pamenepo wamvetsa kuti wachotsa moyo. Amene amandidetsa nkhawa ine ndi wongoseka.

Chitedze
Apa pokha ndagwirizana nanu.

NamwinoWaUsiku
Mabanja ena ali ndi mwambo wopaka mwana magazi a gwape woyamba kumaso. Mukane mwaulemu. Magazi a nyama yakutchire sayenera kufika m'maso kapena pakamwa.

Gogodela
Kutumbula ndi kwa wamkulu, mwana agwire mwendo ndi tochi, onse atavala magolovesi. Mfuti ichotsedwe zipolopolo mpeni usanatuluke. Amene munatumbulapo mbuzi simuvutika. Gonekani chagada, zungulizani mpeni kuthako kumasula thumbo lomaliza, boolani khungu pamimba, lowetsani zala ziwiri zikankhe matumbo pansi, mpeni uziyenda pakati pa zalazo kuthwa kuli m'mwamba mpaka pa fupa la chifuwa. Samalani chikhodzodzo ndi chifu. Dulani chikopa chopyapyala cholekanitsa chifuwa ndi mimba, pisani mkono mudule kholingo, kokani zonse zituluke pamodzi. Musataye nthawi kufunafuna ndulu pachiwindi, gwape ameneyu alibe.

Vuto la Okutobala ndi kutentha. Nyama iyenera kuzizira kufika madigiri 4 a Celsius. Kunja kukafunda, ikani matumba a ayezi m'chifuwa mupite nayo msanga kwa osenda, osati kuzungulira nayo m'makomo a abale kuonetsa. Kulembetsa kwa boma ndi pa intaneti kapena pafoni, isanakwane 5 koloko madzulo a tsiku lotsatira, pa nambala ya mwanayo. Gwape wamkazi wamkulu amatulutsa nyama yopanda mafupa makilogalamu cha m'ma 20.

Kamdothi
Nanga zam'kati? Mutu? Mang'ina? Musandiuze kuti azunguwo amasiya m'tchire, ndilira.

NamwinoWaUsiku
Lirani ndithu achimwene. Kuli matenda otchedwa CWD, amene anapezeka ku Wisconsin mu 2002 ndipo ndi ochuluka m'maboma a kum'mwera. Amagwira ubongo wa gwape, ndipo chimene chimayambitsa sichifa ndi moto, kaya muwiritse tsiku lonse. Palibe munthu amene anatsimikizika kuti anawatenga, komabe a CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, amalangiza kuti nyama yopezeka nawo isadyedwe. Gwape wodwala angathe kuoneka wonenepa bwinobwino. Choncho ubongo, maso, kapamba, mtsempha wa m'fupa la msana ndi timabere ta m'khosi, zonsezo ayi. Mafupa a msana osaphikira msuzi. Mtima ndi chiwindi alenje ambiri amadya, koma mudikire zotsatira. DNR ili ndi malo osiyako mutu kuti ayeze. Nyamayo muisunge mufiriza yolembedwa payokha, ndipo kwa osenda munene kuti isasakanizidwe ndi ya anthu ena.

Chinanso, poti dzina lanu likuti muli ndi awiri, mwina winayo ndi wamng'ono. Chipolopolo cha mtovu chimanyenyeka m'thupi la nyama. Kafukufuku wa DNR ya ku Minnesota mu 2008 anapeza tizidutswa mpaka mainchesi 18 kuchokera pabala, tambiri tosaoneka ndi maso, ndipo nyama yogaya ndi imene imatisakaniza kwambiri. Mtovu ndi woopsa kwa ana osakwana zaka 6 ndi amayi oyembekezera. Gulani zipolopolo za kopa. Koma agogo ayeserenso scope ndi zimenezo, chifukwa sizigwa malo amodzi ndi zamtovu.

Mai_a_Ndiwo
Ikapezeka kuti ili bwino, chotsani mafuta onse oyera ndi kachikopa konyezimira kaja, ndi zimene zimabweretsa fungo ndi kumata m'kamwa. Nyama yake ilibe mafuta m'kati, mukaikazinga ngati ya ng'ombe isanduka chikopa cha nsapato. Ya mwendo ndi phewa iphikeni pamoto wochepa maola awiri ndi anyezi, tomato ndi adyo, nsima pambali, apongozi adzapempha yowonjezera. Yogaya ipse kufika madigiri 71 a Celsius. Ya msana yokha ndiyo yowotcha mwachangu.

Mphepo_ya_Kumpoto
Mwayamba kuthyola ndiwo gwape asanaoneke. Alenje ambiri amabwera chimanjamanja, mwana auzidwenso zimenezo. Mupatseni zoti aziwerenga: agologolo angati, akhwangwala angati, mphepo ikuchokera kuti. Kabotolo ka ufa woonera mphepo mumupatse iyeyo azifinya. Mphepo ikamachoka kwa inu kupita kumene nyama zimatulukira, mwagwa nayo, gwape amakhulupirira mphuno kuposa maso.

MayiWaAwiri
Ndalankhula ndi bambo a mwanayu. Tagwirizana kuti Loweruka tonse tipite kokaphunzira ndi mbale za pepala zija. Akakhoza, apita ya Okutobala, madzulo, m'katenti. Akalephera akaonerera. Apongozi avomera za kopa, koma mfuti ali nayo ndi .270, akuti yochepa kuposa imeneyo alibe. Imeneyo bwanji?

Gogodela
Ndi zipolopolo wamba .270 ndi yaukali kwa mwana wa zaka 9, ndipo thako lake ndi la wamkulu. Zochepetsedwa mphamvu zilipo, koma zambiri ndi zamtovu, ndiye mubwerera pa vuto lija. Afunse kwa anzawo osaka nawo, .243 ya ana imakhala ikungozungulira m'mabanja ana akakula. Akaipeza, muyeze chonchi: mwana avale jekete lomwe akavale kutchire, aike mfuti paphewa maso ali chitsinzinire, tsaya ligone pa thako, kenako atsegule. Akaona bwalo lonse la scope popanda mdima m'mbali, osasuntha mutu, ndi saizi yake.

Chitedze
Ine ndikadali pa legeni. Koma mbalezo mutiuze zalowa zingati.